Akule Kaye

"Musandigwire, alamu! Ndani ananena kuti akule kaye? Ndani?"

Ndine ndikukuwa choncho pakhonde la chipatala, ine woitanira minibasi, amene mawu anga amafika tsidya la msewu. Lero akungogunda khoma n'kubwerera. Kunja fumbi lili koboo, dzuwa likuswa mtengo. M'manja mwanga muli kachipewa kaubweya, koyera mbee, koti nkhonya yanga singalowemo.

N'ka Zione, mwana wa mlongo wanga Enelesi. Anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, kamunthu ngati botolo la fanta. Anamwino anatiuza kuti miyezi yomaliza ija ndi imene mayi amapatsira mwana chitetezo chambiri. Zione anatsika panjira, ulendo usanathe, chitetezocho asanachilandire chonse. Anatinso masabata asanu ndi limodzi akakwana abwere ku katemera, kaya ndi wochepa bwanji.

Masabata anakwana. Akuchimuna anakhala pamkeka, anamutembenuza mwana, anamupima ndi maso. Ati jakisoni alowa pati, ntchafu yake iti? Ati akule kaye. Koma kumuyendetsa m'manja sanati akule kaye. Anabwera a mpingo, anabwera a mpanda uno ndi a mpanda uwo, wina akutsokomola, wina akumupsompsona, aliyense "tamuoneni mlendo."

Tsopano muoneni mlendoyo. Chifuwa chokoka mtima chikamugwira salira n'komwe, mphamvu yolirira alibe. Amangoti zii, milomo bii, ndipo wodi yonse imasiya kupuma mpaka iye atayambanso. Timapaipi m'mphuno. Enelesi wakhala pansi, mkaka ukunyowetsa chitenje, woyamwa palibe. Ndamufunsa dokotala ngati mwanayu achire, wandigwira phewa, wayang'ana kumbali. Ine ntchito yanga ndi kuwerenga nkhope za anthu pasiteji. Nkhope imeneyo ndaiwerenga.

Alamu anga a Bwanali, bambo a Zione, angozyolika, ati anamvera akuluakulu. Akuluakuluwo ali kuti? Pamkeka paja analipo onse, pakhonde pano palibe ndi mmodzi yemwe.

Kachipewa kagwa, kagubudukira m'fumbi, kuyera konse kwatha. Sinditola. Pitani mukawatenge, alamu, kabaza ndilipira ndine. Amene ananena kuti akule kaye abwere atole yekha, alowe nako muwodimo, amuyang'ane Enelesi m'maso, amuuze kuti mwanayu akula liti.