Nchima Yovala Duku

Lyson anali mkamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, kufupi ndi Likhubula, ndipo ntchito yake inali yoti ukaifotokoza kwa munthu wamkulu amayamba wakuyang'ana kaye kumutu. Ankaperekeza alendo m'nkhalango kukaona anyani. Zokwera phiri mpaka pamwamba atasenza zikwama za azungu anazisiyira anzake a misana yolimba. Iye zake zinali zam'munsi momwemu: kulowa m'mitengo yowirira m'mawa, kutuluka dzuwa lisanafike paliwombo, alendo ataona timbalame tingapo ndiponso nchima, anyani akuda aja okonda mitengo italiitali.

Apongozi ake, mayi Enifa, nkhani imeneyi sinkawalowa m'mutu. Anali mayi wamasiye, wa Mvano, mwini wake wa nthochi za sukari zimene mudzi wonse unkazimezera malovu, ndipo anyani ankawadziwa ngati mbava za chimanga basi. Popeza mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso, mawu onse ankadzera mwa mwana wawo Estele, mkazi wa Lyson, ngakhale kuti mawuwo ankatuluka mokweza moti akanatha kufika okha.

"Estele! Kamufunse mwamuna wakoyo. Munthu wandevu zake kulawira m'mamawa kukaonetsa azungu pusi? Ine pusi ndimamugenda, iye akukamupatsa moni? Umuuze kuti mvula ikagwa, tiyi akaphukira, akalembetse ku esiteti ngati amuna anzake. Apo ayi, apinde mkeka wake azipita kwawo ku Chinakanaka. Mudzi uno ngwanga."

Lyson anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe. Ankamukonda Estele zenizeni, chikondi chopusa chija chomusekerera munthu ngakhale akungotsuka mbale. Koma ku esiteti kunali kotseka. Anayesako chaka china, anathyola tiyi ndi nthambi zomwe, ndipo kapitawo anamulumbirira kuti akadzamuonanso pachipata adzamuthamangitsa ndi agalu.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi. A Winston, amene ankagawa alendo kwa operekeza, anamuitanira pambali.

"Loweruka kukubwera mzungu wa ku Blantyre ndi dona wake. Akufuna nchima. Akaziona n'kukondwa, iwe tikulemba ntchito yokhazikika, yunifomu ya khaki ndi chipewa chomwe. Koma akabwerako ngati aja unawaonetsa nkhono aja, usadzaponde pano."

Za nkhonozo zinachitikadi. Nchima zinali zitasamukira kumtunda kwa chigwa, ndipo kwa masabata angapo Lyson ankangoonetsa alendo ndowe, nthambi zothyoka ndi bilimankhwe mmodzi wotopa. Alendo akayamba kung'ung'udza ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mlendo wina anafunsa kuti nanga nkhonoyo ili kuti, ndipo Lyson, posowa chonena, anakaisakadi.

Yunifomu ndiye ikanatseka pakamwa pa apongozi, pakuti kwa iwo munthu wa khaki anali boma. Tsono Lyson anaganiza nzeru, ndipo nzeru za munthu wopanikizika mukuzidziwa. Nyani amakonda chiyani? Nthochi. Nthochi zili kuti? M'dengu la apongozi, kuseri kwa khitchini, zofundikidwa bwino ndi masamba kuti zipse. Anazembetsa phava limodzi, nakaliika pamwala wafulati m'mbali mwa kamtsinje, pakati pa mitengo yowirira.

M'mawa mwake anapeza nthochi zatha. Makoko ake anali ataunjikidwa pamodzi mwaudongo, tsamba lalikulu litavundikira pamwamba.

"Eee, nchima za kuno n'zophunzira," anatero Lyson yekhayekha, akuomba m'manja. "Zimaposa ana a anthu."

Anapitiriza tsiku ndi tsiku, phava kuchoka m'dengu, makoko pamwala. Chodabwitsa n'chakuti apongozi, amene nkhuku ikangojompha chimanga chawo mudzi wonse unkadziwa, sananene kanthu za nthochi zosowazo. Anayamba kukonda nkhuni, kulawira okha m'mawa uliwonse, pobwera akuimba nyimbo za pansipansi. Lyson anangoti mwina ukalamba wayamba kuwafewetsa.

Pali chinthu chimene aliyense wobadwira m'munsi mwa phirili amachidziwa ngati dzina lake. Ukapeza chakudya m'nkhalango, chokonzedwa bwino popanda mwini, chimenecho wakupatsa ndi mizimu. Umadya pomwepo, chonse, osayankhula, osaitana mnzako, osatengera kunyumba. Ukaphwanya lamulo limeneli, phiri limakusunga. Lyson ankazidziwa zimenezi, ankachita kuwafotokozera alendo atatsitsa mawu kuti achite mantha pang'ono. Koma kuti nayenso wasanduka mzimu, zimenezo sizinamufikire m'mutu.

Loweruka alendo anafika. Bwanayo anali mphunzitsi wamtali, m'khosi muli mbuu chifukwa tsitsi lake lalitali anali atangolimeta pothawa lamulo la boma loletsa amuna kusunga tsitsi lotere, ndipo Chichewa ankachiyankhula molimba mtima ngati munthu woyendetsa njinga yopanda mabuleki. Dona anavala siketi yaitali pamwamba pa buluku, popeza masiku amenewo mkazi wa buluku sankafika patali. Siketiyo inakola minga iliyonse ya m'njira, moti anayenda ngati akuperekeza maliro.

Atayandikira kamtsinje, Lyson anakweza dzanja. Kutsidya, kuseri kwa masamba, kunali kanthu kakuda katakhala pamwala, katapereka msana, kakugwedezeka pang'onopang'ono. Khoko la nthochi linagwa pansi. Lyson khaki anayamba kuimva kale m'thupi.

"Iyo, bwana! Iyo!" Ankati akunong'ona, koma chimwemwe chinakweza mawu. "Nchima yaikazi, nkhalamba yeniyeni. Taonani msanawo. Imeneyi ndiye mwini gulu, yaukali zedi. Amuna onse a pagulupo amaithawa. Ikalira kuno, ku Chonde amamva."

"Zoona?" anafunsa bwana, akukweza magalasi ake oonera patali.

"Ndikunama ine? Ndipo ndi yaumbombo. Taonani mmene ikudyera yokha, osagawirako ngakhale mwana."

Bwana anayang'ana nthawi yaitali, akupotokola magalasi aja.

"Lyson," anatero, "nyani ili ali ndi duku."

Pamenepo kanthu kaja kanatembenuka. Anali mayi Enifa, atafunda nsalu yawo yakuda, masaya ali tutumu ndi nthochi, mtolo wa nkhuni uli pambali. Kamtsinjeko kanali kakang'ono, kopanda phokoso. Anamva zonse, kuyambira pa nkhalamba mpaka pa umbombo.

Mkamwini saona apongozi akudya. Zimenezo n'zoposa kutukwana. Miyendo ya Lyson inadziwa mwambo mutu usanaganize: anagwada, natembenuka, nalowetsa mutu m'chitsamba, matako kuloza kwa alendo. Mayi Enifa nawo anali m'msampha wawo. Pakhosi panali mawu okwana kugwetsa mtengo, koma akanayankhula phiri likanawasunga, ndipo nthochi zinali zisanathe. Anangotong'ola maso, nasenda ina.

"Moni mayi! Muli bwanji?" anafuula bwana, atavula chipewa mwaulemu.

Mayi Enifa anatafuna.

"Ife tili bwino, kaya inu," anadziyankha yekha bwana, poona kuti mwina wasokoneza dongosolo la moni. "Lyson, mayi uyu sakumva? Ndipo iwe ukufuna chiyani m'tchire umo?"

"Ndikuyang'ana mapazi a nyama, bwana," anayankha Lyson, mawu akuchokera m'masamba.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumwamba kwa mitengo kunamveka kuthyoka kwa nthambi, kenaka kukhosomola kuja kwa nchima. Fungo la makoko a masiku onsewa linali litafika kumtunda kwa chigwa, ndipo gulu lonse linasankha tsiku lomwelo kudzaona. Zinatsika ndi ana kumimba, michira ili lendelende, n'kuzungulira mwala. Dona anagwira pakamwa. Bwana anayamba kujambula ngati wapenga.

Mayi Enifa anasolola chikuni pamtolo. Nkhondo imene inachitika pamwala paja inali yopanda mawu mbali imodzi: dzanja lina chikuni, lina nthochi, kukamwa kukugwira ntchito osapuma. Anamenya kumanja, anamenya kumanzere, nameza. Nchima ina yaimuna, itaona kuti nthochi sizitheka, inatsomphola duku n'kukwera nalo mumtengo, kumene inaliyesa kumutu, kenaka kumatako.

"Lyson! Taona! Taona!"

"Ndikuona, bwana, n'zokongola kwambiri," anatero Lyson, amene anasaka nchima mwezi wathunthu koma tsiku limenelo sanaone ngakhale mchira.

Mayi Enifa anameza nthochi yomaliza, anaunjika makoko, anavundikira tsamba, nasenza nkhuni zawo pamutu wopanda duku. Anadutsa pafupi ndi chitsamba cha Lyson, ndipo iye anamva mapazi awo akuima pang'ono kumbuyo kwake asanapitirire.

Kwa a Winston zinayenda bwino kuposa maloto. Bwana anati sanaonepo zotere chibadwire, ndipo anamugwira Lyson chanza mpaka phewa kuwawa. A Winston anati abwere Lolemba adzayese khaki. Koma Lyson anatsika njira ya kumudzi ngati mbuzi yopita kumsika. Khaki ingatseke pakamwa pa munthu amene wamutcha nchima pamaso pa azungu? Ndipo akafunsa za nthochi?

Anapeza bwalo lili zii. Apongozi anali pakhonde atavala duku lina, atayang'ana kuphiri. Lyson anakakhala kuseri kwa nkhokwe, malo ake a milandu. Estele anabwera ndi madzi akumwa, maso ali ofiira, sizinadziwike ngati ndi kulira kapena kuseka.

"Akuti ndikufunseni funso limodzi," ananong'ona. "Za unchima akuti aziika pambali, adzazitenga tsiku lina. Akufuna kudziwa amene amaika nthochi pamwala paja."

Lyson anayankha monong'ona: "Ndingovomera basi. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula zambiri."

"Taimani kaye." Estele anakhala pansi pafupi naye. "Inu simukudziwa. Amayi anazindikira tsiku loyamba lomwe kuti nthochizo n'zawo. Sukari wawo angamusokoneze ndi wa munthu wina? Ndiye chifukwa chake sanakuwe za wakuba. Ababa, a Yakobo, paja anasowera m'phiri momwemo akucheka matabwa, mvula ya chiperoni itawapeza, osapezeka mpaka lero. Ali moyo, khalidwe lawo linali limenelo. Ankaba nthochi m'dengu la amayi, n'kubwera nazo madzulo monyadira, ati ndakugulira ku Chonde. Amayi ankadziwa, ankangodya. Ndiye atapeza nthochi zawo zomwe pamwala m'phiri muja..."

Sanamalize. Lyson anayang'ana pansi. Manyazi amene anamva m'chitsamba muja anali masewera poyerekeza ndi awa. Iye ankaganiza kuti akunamiza anyani, osadziwa kuti m'mawa uliwonse mayi wokalamba ankakwera phiri kukadya ndi mwamuna wake. Akavomera, akhala wakuba, mkeka upindidwa, ndipo a Yakobo afa kachiwiri. Akakana, wanamiza apongozi pa nkhani ya maliro, chinthu chimene sichimusiya munthu bwino.

"Estele!" anaitana mayi Enifa. Mawu awo sanali aja ofika ku Chonde. "Wayankha chiyani?"

Lyson anakhosomola, nayankhula mokweza pang'ono kuti mawu azungulire nkhokwe.

"Uwauze amayi kuti manja amene amanyamula ndi anga. Zimenezo sindikana. Koma uwauzenso kuti ine mutu wanga amaudziwa okha, sungaganize chinthu chanzeru chotere pawokha. Amene anandiika maganizo amenewa kuti ndikabe m'dengu lomwelo, n'kukaika pamwala womwewo, ine sindinamuone nkhope."

Estele anaimirira kuti akapereke uthenga, koma amake anamukwezera dzanja kuti akhale. Nkhuku inadutsa pabwalo, palibe anaithamangitsa.

"Muluku wanga," anatero mayi Enifa, kutchula Mulungu m'chiyankhulo cha makolo awo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ndi yemweyo basi. Moyo wake wonse ntchito ankatuma zitsiru." Anafwenthera m'mphuno. "Estele, umuuze mwamuna wakoyo kuti mkeka wake ausiye pomwe uli. Munthu wotumidwa ndi bambo ako ine ndingamuthamangitse bwanji?"

Lyson anaomba m'manja mothokoza ali kuseri kwa nkhokwe.

"Ndipo umuuze kuti mawa asatenge za pamwamba, sizinapse. Apise dzanja pansi pa dengu, kumanzere."