Adzukulu a M'nthaka Youndana

Mu Ogasiti wa 1989 ndinalonjeza msuweni wanga Gelesomu kuti ndidzamubweza kwawo. Anali gone m'kachipatala ka matabwa kumpoto kwenikweni kwa Canada, chibayo chitamutha. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Yosofati, usandisiye m'firiji muno. Ukandiike pafupi ndi amayi." Ine ndinati, "Chaka cha mawa." Anamwalira Lachinayi, tinamuika Loweruka, m'dzenje lokumba ndi makina oswera miyala, poti nthaka ya kumeneko ukangopitirira muyeso wa chigongono imakhala youndana gwa.

Ine ndinapita kumeneko kukafufuza za bowa wa m'nthaka. Iye ananditsatira pothawa ndale za nthawi ija, n'kupeza ntchito yophikira gulu lathu. Chaka cha mawa chija chinasanduka zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndabwera kumudzi chaka chino, ndi mabokosi asanu a mabuku. Jelita, mlongo wake wa Gelesomu, anawayang'ana akutsitsidwa m'galimoto, kenaka anandifunsa mwaulemu kuti, "Asuweni, mwa mabokosi onsewa, la achimwene ndi liti?"

Tsiku lachitatu chifikireni, dzuwa lili paliwombo, ndinasinza pampando wa pakhonde pake.

Ndinalota Jelita atandituma mchere m'chipinda chosungiramo chimanga. Nditatsegula chitseko, mkatimo munali dziko lija. Chigwa chosalala mpaka kumalekezero a maso, chopanda mtengo wofika m'bondo, ndere zotuwa, timadzi tozizira tili mbuu. Ndinalowa nditavala patapata. Chitseko chinatsala chili chiimire pakati pa chigwa, chopanda khoma.

Kumeneko mitengo ilipo, koma imakwawa pansi ngati kholowa, moti bowa amaipitirira msinkhu. Bowa weniweni si kachipewa kamene timazula. Ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi, woyala m'nthaka, umene umayamwitsa mizu ndi kudya zonse zakufa kuti zibwerere ku dothi. Kwathu umamaliza ntchitoyi m'dzinja limodzi. Kumeneko umagwira masabata ochepa pachaka, kenaka chisanu chimauimitsa.

Pansi pa mapazi anga panamveka kuwomba m'manja, katatu, mwa ulemu wa pamaliro. Ulusi woyera ndi wakuda unatuluka m'ndere, n'kulukana mpaka unakhala anthu asanu ndi awiri okhala pansi, opanda nkhope. Wapakati ndiye analankhula.

"Zikomo, a Msusa. Ife ndife adzukulu a kuno."

"Ndikukudziwani," ndinatero.

"Mumatidziwa ndithu. Munatidula, munatiika m'mabotolo, munatipatsa maina a Chilatini amene sitinawapemphe. Zimenezo tilibe nazo mlandu. Mlandu wathu ndi wa mlendo amene munatisiyira."

Ndinakhala pansi, popeza mlandu saumvera chiimire.

"Tinamva mukulonjeza kuti mudzamutenga," anapitiriza. "Mdzukulu sagwira mtembo mwini maliro asanalankhule. Choncho sitinamukhudze. Kale kudikira kunali kosavuta, chisanu chinkatitsekera njira. Tsopano nthaka ikusungunuka, chaka chilichonse chala chimodzi. Tafika pa bokosi. Achinyamata athu ali ndi njala, ndipo sitingawaletse mpaka kalekale. Lero mutiuze: mumutenga, kapena tiyambe?"

"Ndimutenga," ndinatero.

Nthaka inatseguka ngati buku. Gelesomu anadzuka, n'kukhala tsonga m'bokosi. Anali wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, tsitsi lakuda bii, chipsera cha mpeni wa anyezi chikadali pachala. Pa nsidze pake panali chisanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Agogo, mwamuonako msuweni wanga? Wamtali, wonyada, wodziwa zonse."

"Ndine, Gelesomu."

"Ha! A Dokotala a bowa! Mutu wayera chonchi, nzeru zinapsa? Suti yako unandiveka ija ikundithina m'khwapa mpaka lero. Munthu kumana mnzako ngakhale m'manda."

"Inali yabwino kuposa zonse."

"Ndiye zinazo zinali zotani? Tiye, ndibereke. Miyendo yanga inaiwala."

Ndinamubereka. Anali wopepuka ngati dengu lopanda kanthu, koma kuzizira kwake kunandilowa mpaka m'mano. Adzukulu aja anatitsatira pambuyo, akuyenda pansi pa ndere, nthaka ikutukuka pang'ono pamene adutsa. Chitseko chinkaoneka pafupi, koma tinayenda nthawi yaitali, dzuwa likungozungulira m'mphepete mwa thambo osalowa.

"Phiri la kuseri kwa nyumba lilipo?" anafunsa ali kumsana.

"Lilipo."

"Mitengo ya mombo ija? Mvula yoyamba ikagwa bowa wa ndelema amatulukabe? Ukukumbuka tinadzaza malaya ako a sukulu, aphunzitsi n'kukukwapula chifukwa cha madontho?"

"Zonse zilipo," ndinatero.

Ndinali nditakwera phirilo dzulo lake. Mombo anathera m'mauvuni a makala, ndipo ndelema, amene sakhala popanda mizu ya mombo, anapita nawo. Ndinakumba ndi mpeni malo asanu osapeza ulusi ngakhale umodzi; dothi lakufa, longa phulusa. Nkhalango ya kumanda, imene tinkaopa ngakhale kuiloza ndi chala, yatsala mitengo inayi. Manda a masiku ano amawaka ndi simenti pansi ndi m'mbali, n'kumata matailosi pamwamba ngati bafa la hotela. Ndawerenga mabuku ambiri a anthu olira kwawo, m'zilankhulo zinayi. Onse amalira kuti sangabwerere. Palibe anandichenjeza kuti kubwerera n'kotheka, ndipo ndiko kowawa.

"Ukunama," anatero Gelesomu. "Ukamanama khosi lako limatentha. Ndikulimva."

Ndinamukweza bwino kumsana, n'kupitiriza kuyenda.

"Mitengo anadula, eti?"

"Anadula."

"Yonse?"

"Yonse."

Tinadutsa kadziwe kamodzi. Kenaka anati, "Chabwino. Sindinakupemphe mitengo. Ndinati pafupi ndi amayi. Amayi sanawadule, si choncho?"

"Alipo. Anawamata matailosi obiriwira."

Anaseka mpaka chisanu chinayoyoka m'khosi mwanga. "Amayi ankadana ndi zobiriwira! Fulumira, ndikawaseke."

Tinafika pachitseko. Chinali chotsegula. Mbali inayo ndinaona khonde la Jelita, mpando wanga, ndi ine ndemwe nditagona pamenepo kukamwa kuli yasa, nkhalamba yovala jekete la kunja m'mwezi wa Okutobala. Kutentha kunandiwomba kumaso. Ndinamva fungo la utsi wa makala ndi la mapepala apulasitiki akupsa, njinga zamoto zikulira pamsewu, ndi chimkuzamawu cha tchalitchi china chatsopano chikulonjeza anthu ulendo wa kunja. Kuseri kwa denga kunali phiri lija, lometedwa mpala. Jelita anali ataima pabwalo, atayala mphasa yatsopano, akuyang'ana kuchitseko.

"Ndi Jelita uyo?" Gelesomu ananong'ona. "Mayo, wafanana ndi amayi. Lowa, msuweni. Mwendo umodzi basi."

Ndinakweza mwendo. Madzi anayamba kutsika kumsana kwanga, ofunda. Gelesomu ankasungunuka, ndipo pamene ankasungunuka ankalemera. M'madzi amene ankadontha pansi ndinaona mombo, tsamba lililonse lofiira la m'chilimwe, ndi tinjira tonse ta m'phiri monga tinalili kale. Zonsezo zinali mwa iye, zosungika bwino m'chisanu, ndipo padziko lonse panalibenso kwina kumene zinatsala. Dontho lina linagwera mbali ya Jelita. Fumbi linalimeza, osasiya ngakhale banga.

"Kuno si kwathu," ndinatero.

"Ndi kwathu kwa ine. Iwe unakuona, wakhuta, wakukana. Ine sindinakuone. Usandisankhire."

"Ukadzionera wekha udzalira."

"Ndiye ndikalire kwathu! Yosofati, unalonjeza."

Wamkulu wa adzukulu anayandikira, n'kuwomba m'manja kamodzi. "A Msusa, chitseko sichikhala chotsegula tsiku lonse. Mukutitayira chisanu."

Ndinabweza mwendo. Ndinatembenuka, n'kumutsitsa Gelesomu pa ndere, mutu wake ndikuuchirikiza ndi dzanja. Ndinamukonza kolala ya suti. Sanatukwane. Anangondiyang'ana monga ankayang'anira mphika umene wapserera m'manja mwa munthu wina.

"Mwini maliro alankhule," anatero mdzukulu.

"Yambani," ndinatero.

"Timagwira pang'onopang'ono. Zitenga zaka zambiri, ndipo tikayamba sitisiya."

"Ndikudziwa. Ndinalemba zimenezo."

Ulusi unakwera, woyera, mwaulemu. Unayambira ku nsapato. Ndinadutsa pachitseko ndekha, n'kuchitseka.

Nditatsegula maso, Jelita anali atakhala pa sitepe ya khonde akusenda nandolo. Malaya anga anali atanyowa kumsana konse.

"Mumalankhula kutulo, asuweni," anatero osandiyang'ana. "Adzukulu a kuno ndinawauza kale, malo alipo kumanzere kwa amayi. Mupita liti kukawatenga achimwene?"

"Sindipita," ndinatero.

Gelesomu ali komweko.