Mphutsi Zitatu za a Harry

Ellen anali mayi wodziwa kudyetsa. Mwa anzake onse ogwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo a ku Barking, dera lina la mzinda waukulu wa kwa azungu, panalibe womuposa pa nkhani imeneyi. Nkhalamba ikakana chakudya n'kutseka pakamwa ngati mwana, ankaitana Ellen. Iye ankangokhala pambali, kuinyengerera, kuiseketsa, mpaka mbale mbee! Kwa iye kupatsa munthu chakudya chochepa chinali chipongwe. Ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti azungu adzapha alendo ndi njala: kapu ya tiyi ndi kabisiketi kamodzi, basi, ati akulandira.

Mwa okalamba ake onse, amene anamulowa mumtima anali a Harry, mzungu amene kale ankayendetsa mabasi. Akazi awo anamwalira, ndiye ankakhala okha m'kanyumba kodzaza ndi ndodo za mbedza. Thupi linalipo ndithu, koma mutu ndi umene unayamba kutaya zinthu: lero makiyi, mawa dzina la munthu woyandikana naye nyumba. Mwana wawo Stephanie, wokhala ku Lewisham, dera lina la mzinda womwewo, anali atawapezera kale malo kunyumba yosungirako okalamba, koma iwo ankakana kwamtuwagalu. Anangomulonjeza chinthu chimodzi, chakuti tsiku limene adzaone okha kuti achita chinthu chachikulu osachikumbukira, adzapita popanda wowakoka.

Ellen sankafuna kuti tsiku limenelo lifike. Atapeza gasi ali chiyakire, poto atapserera, anauza Stephanie kuti anaiwala ndi iyeyo. Madzi atasefukira kubafa, anatinso ndi iye. A Harry ankangomuyang'ana.

Ndiye Loweruka lina mu Januwale, kunja kukuzizira koti chala sungachitulutse m'thumba, mkuluyu anauma mutu kuti akufuna kukawedza kudziwe la m'paki.

"Kuzizira konseku, bambo Harry? Nsombazo n'zamisala kuti zituluke?"

"Ndikufuna ndione ngati mutuwu ukuidziwabe ntchito yake," anatero. "Zina zonse ndingaiwale, koma izi ayi. Zikandichoka izi, ndatha."

Ellen anawaveka majuzi awiri ndi chikhoti, anadzaza fulasiki, ananyamula masangweji okwanira banja lathunthu, ulendo pa basi. Atafika anapeza udzu uli mbuu ndi chisanu, m'mphepete mwa dziwe madzi ataundana. Kunalibe msodzi wina aliyense. Anthu anzeru anali m'nyumba zawo.

Koma abale, mukanawaona a Harry pamenepo! Manja amene ankalephera kumanga batani la malaya anamanga kambedza kakang'ono ngati nsidze pa ulusi wosaoneka n'komwe. Anayeza kuya kwa madzi, anasuntha kandodo koyandama ka nsonga yofiira, kamene kamamira nsomba ikagwira nyambo, mpaka nyambo itangokhudza pansi. Kenako anatsegula kontena yodzaza ndi mphutsi zogula kushopu, anakoleka imodzi pambedza, anatapa zitatu n'kuponya m'madzi.

"Zitatu zokha?" anafunsa Ellen.

"Zitatu. M'chisanu nsomba zimakhala phee pansi, mimba zitatsekeka. Ukaponya zambiri zimakhuta msanga, ya pambedza osaiyang'ananso. Uzizipatsa zongoti zisachoke, osati zoti zikhute. Zitatu, n'kudikira. Zitatu zina, n'kudikira. Dzuwa likamapendeka m'pamene zimadzuka, ndipo uzizipeza zili ndi njala."

Ellen anagwedeza mutu ngati wamva, koma mumtima ankaseka. Umbombo wa azungu wafika mpaka kunsomba! Komanso nsomba zake, zamaso ofiira zija amati rochi, ukagwira umangoziyang'ana n'kuzibweza m'madzi. Kuzizidwa tsiku lonse chifukwa cha ndiwo yoti sudya. Kwawo atakamba zimenezi akhoza kumuyesa wabodza.

M'mawa wonse unatha, kansonga kofiira kali chilili. A Harry ankaponya zitatu zawo, osatopa, osadandaula. Ellen ndi amene mtima unali m'mwamba. Ankaona milomo yawo ikuchita bii ndi kuzizira, ndipo ankadziwa kuti akabwerera chimanjamanja adzagona akudzikayikira. Masana anawamwetsa tiyi, anawadyetsa sangweji ndi theka, anawafunditsa bulangete m'miyendo. Kutentha kutalowa m'thupi, mkulu uja anayamba kuwodzera pampando, mpaka mutu unagwera pachifuwa.

Apo m'pamene kansonga kaja kanagwedezeka. Kanamira pang'ono, n'kubwereranso.

Mtima wa Ellen unagunda. Zabwera! Zabwera, koma zapeza chiyani? Mphutsi zitatu, gulu lonselo? Zichokatu izi, zipita kwina. Anayang'ana a Harry, ali m'tulo. Anatenga kontena ija pamiyendo pawo, anatapa dzanja lodzaza n'kuponya. Anaona ngati zachepa, anatapanso. Dzanja la Ellen likayamba kugawa silidziwa kuima. Anaphwanyaphwanya ndi theka la sangweji lija, n'kuwazanso momwemo. Pomaliza anapendeketsa kontena n'kukhuthula, kungosiya zochepa pansi. Zina zinagwera pabulangete, iye osaziona. Anabweza kontena pamalo pake, akudziuza kuti mkuluyu akadzuka apeza nsomba zitasonkhana ngati paukwati.

A Harry anadzidzimuka dzuwa litayamba kupendeka.

"Nthawi yake ndi inoyi," anatero akumwetulira, n'kupisa dzanja m'kontena.

Dzanja lija linakhala momwemo. Anaweramira m'kontena, anayang'ana pabulangete pomwe timphutsi tinkayenda, anayang'ana m'madzi pomwe nyenyeswa za buledi zinkayandama. Kumwetulira kunazima. Anangopukuta zala pakhoti pang'onopang'ono.

Apa Ellen akanayankhula. Koma manyazi anamugwira, ndipo anadzinyenga kuti adikire kaye. Ikangogwidwa imodzi yokha, nkhani yonse isanduka nthabwala, aseka limodzi pa basi. Anayang'anitsitsa kansonga kaja, akupemphera chamumtima ngati ali kutchalitchi. Ambuye, imodzi yokha, ngakhale kakang'ono.

A Harry anayesa zonse zimene ankadziwa. Anasintha mbedza n'kuika yaing'ono kuposa ija. Anaponya chakumanzere, kutali ndi pamene panagwera chakudya. Anakweza nyambo pang'ono, anaitsitsanso. Osaponyanso ngakhale mphutsi imodzi. Koma nsomba zinali zitakhuta, zinagona pansi ndi mimba zawo. Kansonga kanangoti njo mpaka kufiira kwake kunayamba kusowa m'chisisira.

"Chiyambire ndili mnyamata," anayamba a Harry, maso ali pamadzi, "sindinadyetsepo nsomba chotere m'chisanu. Ndinkakalipira anthu chifukwa cha zimenezi. Lero ndakhuthula kontena yonse, ndi buledi yemwe, ndipo sindikukumbuka ngakhale pang'ono. Ndikungokumbuka tiyi."

Ellen anagwada pa udzu wozizirawo, anawagwira dzanja.

"Bambo Harry, si inu. Ndine. Munali m'tulo, ndinaona kandodo kakugwedezeka, ndiye ndinati nsomba zili ndi njala. Ndakhuthula ndine, ndi manja angawa. Pepani, ndakulakwirani kwambiri."

Mkulu uja anaseka kaseko kofooka.

"Ndiwe munthu wabwino, Ellen."

"Ayi, si zaubwino, ndikunena zoona!"

"Gasi uja unalinso iwe. Madzi a kubafa unalinso iwe."

"Zija ndinanama, inde, koma izi..."

"Ndinkadziwa kuti ukunama, mwana wanga, ndipo ndinkakusiya chifukwa zinkandikomera. Koma iwe umanyansidwa ndi mphutsi. M'mawa uja unakana ngakhale kunyamula kontenayi."

Zinali zoona. Atakakamizidwa, anachita kuinyamula ndi nsonga za zala, ataikulunga m'pulasitiki, akuchita kulavula. Ellen anatambasula manja kuti anunkhize, koma manjawo anali atawapukuta kale ndi tinsalu tonyowa tam'chikwama chake, mwachizolowezi cha ntchito. Ankangonunkhira mandimu.

Analumbira. Anatchula Mulungu, anatchula mayi ake omubereka, anafotokoza mmene anaphwanyira sangweji, mpaka misozi inatsika. Akamalimbikira, m'pamenenso a Harry ankamusisita paphewa, ngati wofunika kutonthozedwa ndi iye. Abale, palibe chopweteka ngati kunena zoona kwa munthu amene unamuzoloweza bodza lachikondi. Ellen anadziona kuti ndi wakuba, woba chinthu chokhacho chimene mkuluyu anatsala nacho m'mutu.

"Tibwerenso Loweruka likudzali," anachonderera. "Ndidzakhala kutali, manja m'thumba. Mudzaona nokha kuti mukudziwa."

"Ndinalonjeza Stephanie," anatero a Harry. "Ndisayambe kuiwalanso malonjezo."

Anatulutsa foni m'thumba la khoti. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye anampatsa Ellen kuti awapezere nambala. Iye anaigwira foniyo osaidina. Anaganiza zoyamba ndi iye kuyankhula, kumuuza Stephanie zonse. Koma Stephanie naye anali atamva kale "ndine" kawiri konse, ndipo ulendo wachiwiri uja anamuyang'ana ndi diso lomwelo lachisoni.

"Dina, Ellen. Kukuda."

Anadina. Foni itayamba kuitana, a Harry anaitenga n'kuiika kukhutu, dzanja linalo akupinda ulusi mwaluso, osayang'ana n'komwe.

"Stephanie? Ndine. Malo aja akadalipo?"

Ellen anatembenuka n'kuyamba kulongedza. Anakutumula bulangete, anatseka fulasiki, anatola kontena ija. Pansi pake panali patatsala timphutsi tochepa, titauma ndi chisanu. A Harry anachotsa foni kukhutu pang'ono n'kumulozera ndi chibwano.

"Zimenezo usaponyemo," anatero. "Zadya kale."