Kakapu ka Pawindo

Mwana anabadwa Lolemba, kutatsala mwezi wathunthu kuti masiku ake akwane. Pa sikelo ya ku kiliniki anangofika makilo awiri ndendende. Kanali kanthu kakang'ono, kofiira, tizala ngati timitengo ta machesi, moti Thandazani, amene kanali koyamba kubereka, ankaopa ngakhale kukanyamula. Dzina kanalibe. Kwawo ku Katete mwana satchedwa dzina mchombo usanagwe.

Vuto linali kuyamwa. Kankagwira bere, kukoka kawiri katatu, basi katopa, kagona. Ndiye nesi, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, anapatsa Thandazani kakapu ka pulasitiki ka chivundikiro chobiriwira n'kumuonetsa kafinyidwe ka bere. Timadontho tinkatuluka mwaulesi, tachikasu, tonanda ngati uchi.

"Mkaka woyambawu ndiye mankhwala ake," anatero nesi. "Osataya ngakhale dontho. Muzifinya, muzimumwetsa maola awiri alionse. Lachisanu mubwere naye pa sikelo. Akatsika kwambiri tikumutumiza ku chipatala chachikulu, akagone m'galasi."

Amai ake a Thandazani anali atangofika kumene pa basi kuchokera ku Katete, fumbi lidakali m'duku. Anasuzumira m'kapumo n'kukwinya mphuno.

"Zachikasuzi mwana amwe? Kwathu timayamba tafinyira pansi mpaka ziyere."

Ayi ndithu, nesi anawasambitsa chokweza pamaso pa wodi yonse. Azimayi a pa mabedi ena anaseka. Amai anangokonza duku lawo n'kunena kuti, "Chabwino, a nesi." Thandazani anawamvera chisoni, ndipo nkhaniyo sanaikumbukirenso.

Anatuluka Lachiwiri masana. Nyumba yawo inali zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya alandilodi ku Kabwata, pompi imodzi ya onse pabwalo, mtengo wa gwafa kumbuyo. Mwamuna wake Gilson ankagwira ntchito mu shopu ya zitsulo ku Chelstone, kuchoka ndi minibasi yoyamba, kubwera dzuwa litalowa. Khomo loyandikana nalo linali la ba Chalwe, mayi wa ku Luapula amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Woodlands. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, mimba ziwiri zinapita padera, kumsana kulibe kanthu. Ndi iwo amene anathamangira takisi tsiku limene madzi anasweka Thandazani ali pa pompi, n'kumugwirizira mpaka pa bedi la ku kiliniki.

Kufinya si masewera. Theka la ola, mano ali gwa, kuti upeze masupuni awiri. Masana amenewo Thandazani anafinya, anamwetsa mwana, anafinyanso za nthawi yotsatira. Filiji analibe, choncho kakapuko anakaika pawindo pomwe pamadutsa kamphepo, n'kugona tulo ta munthu amene sanagone masiku awiri.

Podzuka anapeza kakapu kali pomwepo, chivundikiro chili bwinobwino. M'kati munali mbee, mwangotsala timadzi.

"Amai, mwamumwetsa?"

"Ufunsa ine?" Amai anali pansi kupinda matewera, osadzutsa mutu. "Funsa amene amazungulirazungulira pawindo apa. Ine poona kapu ilibe kanthu ndamupatsa timadzi ta shuga."

"Anesi analetsa madzi."

"Nanga kafe ndi njala?"

Thandazani anayang'ana windo. Linali lotsegula, zitsulo zake zotalikirana moti dzanja la munthu wamkulu likhoza kulowa, ndipo kanjira kopita ku pompi kankadutsa pomwepo. Mkaka wa munthu, winawe ungaufunirenji?

Amai sananene zambiri. Ankangoponya mawu amodziamodzi ngati munthu wodyetsa nkhuku. Kodi mayi wa pakhomo apayu sanakufunsepo kuti mimba ili ndi miyezi ingati? Anafunsapo, kangapo konse. Chinthu chosafunsa chimenecho, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Kodi sanakugwirepo pamimba? Anagwirapo, akuseka, ati amve kukankha. Nanga tsiku limene madzi anasweka, pafupi panali ndani?

"Ine sindinanene kanthu," anatero amai. "Ndangofunsa."

Lachitatu m'mawa Thandazani anati achenjere. Kakapu sanakaike pawindo, anakaika pa kampando pafupi ndi bedi, n'kuphimba ndi chitenje. Anati angotseka maso pang'ono, koma thupi la mayi wongobereka kumene silimva malamulo. Atadzidzimuka, dzuwa linali pamutu, chitenje chili momwe anachisiyira, kapu ilibe kanthu.

"Ndinapita pa kantemba kukagula sopo," anatero amai. "Chitseko ndinangokankha. Pochoka ndinamusiya mnzakoyo akusesa pakhomo pako, ngati pake palibe zinyalala."

Thandazani anatsegula thewera la mwana. Louma. Kuyambira m'mawa kanali katanyowetsa kamodzi kokha. Anakagwedeza, anakakanda kuphazi monga anamuuzira nesi, koma kanangotsegula diso limodzi n'kutsekanso. Pamenepo mantha anamugwira zenizeni. Lachisanu linali mkuja. Anaona galasi lija m'maganizo, mwana wake ali m'kati ndi timapaipi m'mphuno, iye ali kunja. Ndipo anaonanso ba Chalwe atakhala kwa sing'anga wina ku Chunga, atafumbata kabotolo ka mkaka wake wachikasu, kuti mwayi wa kubereka uchoke khomo ili ulowe khomo ilo.

Munthu akayamba kukayikira, chilichonse chimasanduka umboni. Kutsokomola kwa ba Chalwe kuseri kwa khoma kunali umboni. Kusesa kuja kunali umboni. Ngakhale takisi ija anathamangira inakhala umboni, poti anadziwa bwanji kuti akhale pafupi?

Chakumadzulo, azimayi a pa yadi atadzaza pa pompi ndi zigubu zawo, ba Chalwe anatulukira pa geti kuchokera ku ntchito. Sanapite kwawo. Analunjika pakhomo la Thandazani, kapulasitiki ka nshawa zaziwisi kali m'manja.

"Odi, ba mayo. Thandi alimo? Namubweletsela nshaba, zimabweletsa mukaka."

Thandazani anatuluka akukoka miyendo, atagwira mphuthu ya chitseko.

"Mkaka womwe mukuba uja wachepa, mufuna uchuluke?"

Pa pompi panati zii. Madzi okha ndiwo ankamveka akusefukira m'chigubu.

"Ati shani?" anafunsa ba Chalwe m'chilankhulo chakwawo, osamvetsa.

"Kawiri konse. Dzulo pawindo, lero m'nyumba. Mukupita nawo kuti mkaka wa mwana wanga?"

Ba Chalwe sanayang'ane Thandazani. Anayang'ana kumbuyo kwake, kumene amai anaima m'kati mwa chitseko manja atapinda pachifuwa.

"Thandi, nili na mau, koma si ya pano pa bantu."

"Kambani pompano. Mukuopa chiyani?" Ndipo poti mkwiyo sudziwa polekezera, anawonjezera mawu amene sabwezeka. "Ngati mufuna mwana, berekani wanu."

Mayi wina pa pompi anagwira pakamwa. Ba Chalwe anawerama pang'onopang'ono, anaika nshawa zija pa sitepe, n'kuweramuka.

"Mailo kukacha ukafinya, usagone," anatero motsitsa mawu, kuti amve Thandazani yekha. "Tseka chabe menso. Ni vamene ivo."

Analowa kwawo n'kukiya.

Gilson atabwera n'kumva nkhaniyo, anapukusa mutu. Iye za ufiti sankazikhulupirira, komanso apongozi ake sakanawatsutsa m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anangoti, "Ba Chalwe aja? Awe," n'kuyang'ana mwana. Thandazani anakwiya naye, koma mawu a ba Chalwe anali atamulowa ngati kaminga ka m'phazi. Wakuba angakuuze kuti usagone?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachinayi m'mawa, Gilson atapita, anafinya mpaka misozi, masupuni atatu athunthu. Anaika kakapu pawindo, poyera, n'kugona chammbali, mwana ali pachifuwa, chitenje chitaphimba nkhope kusiya kampata. Ankadikira dzanja la ba Chalwe, lija la chipsera cha ayironi pa chala chachikulu. Ankalifuna ndithu dzanja limenelo. Ankapemphera kuti likhale limenelo.

Panja wina anatsegula pompi, anatseka. Minibasi inaliza hutala ku msewu. Kenako m'nyumba momwemo munamveka mapazi opanda nsapato.

Amai anaima pa bedi kanthawi, akumvetsera kapumidwe kake. Anamukonzera chitenje kumapazi, mwachikondi, monga ankachitira ali mwana. Kenako anatambasula dzanja, anatenga kakapu, anakabisa m'chitenje chawo n'kutuluka.

Thandazani anagoneka mwana pa pilo n'kuwatsatira, misoko ya pobereka ija ikukoka. Anawapeza kuseri, atanjuta patsinde pa gwafa, kapu itapendekeka. Pansi pamenepo nyerere zinali bii, zodziwa kale malo ake.

"Amai."

Sanadzidzimuke. Anagwedeza kapu kuti dontho lomaliza ligwe, ndiye Thandazani anawatsomphola.

"Amai, mwatani? Munati chabwino. Pamaso pa anesi munati chabwino."

"Ndikanati chiyani, anthu akundiseka?" Anadzuka akudzigwira m'mawondo. Nkhope yawo inalibe manyazi, inali yotopa chabe. "Khala pansi, ungang'ambe misoko."

"Sindikhala. Mwana wanga akuuma m'nyumba umu, inu mukudyetsa nyerere."

"Iwe ukudziwa kuti ndiwe woyamba kwa ine," anatero amai. "Sindiwe woyamba. Ndiwe wachitatu."

Thandazani anafumbatira kakapu pachifuwa.

"Woyamba anali mwamuna. Ndinaberekera ku chipatala, anandiuza zomwezi, muyamwitseni pompano. Ndinamuyamwitsa zachikasuzo. Anakhala masiku anayi. Wachiwiri mkazi, chimodzimodzi, sanathe sabata. Onse anapita opanda maina, mchombo usanagwe, ndiye ndikanakuuza kuti ndani? Pa iwe agogo ako anati iyayi, uyu tichita zakwathu. Anandifinyitsa pa chulu masiku atatu, iwe ukumwa timadzi. Ndiwe uyu waima apa, ukundikalipira." Mawu anayamba kuwathawa. "Ndiye ine ndikhale pansi ndizionerera kamwana kochepa chonchi kakumwa zomwe zija? Undide, mwanangu. Bola kakhale moyo."

Thandazani anafuna kunena kuti si mkaka unapha ana aja. Koma chinawapha n'chiyani? Iye sankadziwa, amai sankadziwa, ndipo manda awiri sutsutsana nawo utaima pansi pa gwafa. Chisoni chinamugwira, mkwiyo nawo osachoka. Chimene ankadziwa n'chakuti thewera linali louma, ndipo amai akewa, ndi chikondi chawo chonsecho, mawa adzatayanso.

"Nanga ba Chalwe? Munaima pachitseko ine ndikuwatukwana."

"Anandiona dzulo pompano. Ndinadziwa kuti akuuza." Amai anayang'ana kumbali. "Uyo ndi munthu wa eni, adzaiwala."

Thandazani anayang'ana m'kapu. Pansi pake panatsala kamzere kachikasu, kosadzaza ngakhale nsonga ya supuni. Anatseka chivundikiro. Analowa m'nyumba, ananyamula mwana, anamuika pakati pa mabere n'kumanga chitenje, anatenga kasupuni, n'kutulukanso. Mapazi asanu okha, anafika pakhomo loyandikana nalo.

Ba Chalwe sanapite ku ntchito tsiku limenelo. Ndani angatuluke atatchedwa mfiti pa pompi? Thandazani anagwada pa sitepe, ngakhale kugwada kunkamupweteka.

"Odi, ba Chalwe."

Zii.

"Ba Chalwe, ndine. Ndaona."

Panapita kanthawi kiyi asanatembenuke. Ba Chalwe anaima pachitseko, maso otupa, atavala diresi la dzulo lomwe lija. Anayang'ana Thandazani, anayang'ana kamutu kotuluka m'chitenje, anayang'ana kapu.

"Ndalakwa," anatero Thandazani. "Mawu aja sindingawabweze. Koma ndilibe kwina kofinyira."

Kumbuyo kwake amai anali atafika pakona ya nyumba.

"Thandazani, mwana salowa nyumba ya eni mchombo usanagwe. Bwerera."

Thandazani sanacheuke. Ba Chalwe anapatuka pachitseko.

"Ngena. Samba m'manja, sopo ili apo." Thandazani atalowa, ba Chalwe anagwira kiyi n'kumuyang'ana. "Nikiye?"

Thandazani anayang'ana chitseko. Kuyambira kubadwa kwake anali asanawatsekerepo chitseko amai ake.

"Kiyani."

Anakhala pa bedi la eni, pansi pa kalendala ya tchalitchi, n'kumasula chitenje. Panja anamva amai akukhala pa sitepe, msana wawo ukukhudza chitseko. Sanagogode, sanaitanenso. Ba Chalwe anagwada n'kugwira kapu ndi manja awiri, ndipo Thandazani anayamba kufinya. Zitakwana theka la supuni, ba Chalwe anadzutsa kamutu ka mwana pa dzanja lawo la chipsera lija, n'kugunditsa supuni pa mlomo wam'munsi. Onse awiri anasiya kupuma, akuyang'ana pakhosi pake.

Kanameza.