Mabuku a Pansi pa Tebulo la Telala

Munthuyo analowa m'shopu popanda ndi odi yemwe. Anagunda chitseko ndi ndodo, anagundanso mwendo wa makina osokera, kenako anakhala pa mpando wa makasitomala ngati anangouchoka dzulo. Anavala jekete lotuwa ndi magalasi akuda.

Kadzidzi anali atagwada pansi akumanga katoni. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, telala mwini shopuyo, amene anali atangoikidwa m'manda sabata lomwelo. Ali mwana ankatong'olera maso m'buku anthu onse atagona. Tsopano anali namwino, ndipo mawa lake ankayenera kukhala ali ku ntchito.

"Pepani bambo, shopu inatsekedwa. Eni ake anatisiya."

"Ndikudziwa."

"Ngati ndi chovala chanu, zonse zili m'thumba ilo."

"Si chovala."

"Nanga?"

"Ndingokhala pang'ono."

Kadzidzi anakoka chingwe mpaka chinamudula chala. Kuyambira m'mawa anthu sanamupatse mpata. Wina ankafuna thalauza la mwendo umodzi wosasoka, wina diresi lomwe linali lidakali choko chokhachokha. Mwini nyumba ankafuna makiyi tsiku lomwelo. Azakhali, amene anabwera kudzathandiza, ankangotola batani lililonse n'kulilirira. Achimwene ake ankagwira ntchito ndi pakamwa, foni ili kukhutu.

"Iwe Kadzidzi, wogula mapepala akale uja akubwera ndi wilibala," anatero achimwenewo polowa. "Mabuku aja watulutsa? Kodi awa ndi ndani?"

"Afunseni nokha. Ine ndatopa."

Mabukuwo anawapeza m'sutikesi yachitsulo pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Kadzidzi anangovundukula n'kutsekanso. Anali ake. Chaka chimene analephera mayeso, bambo ake anamulanda onse n'kumuuza kuti awatentha, ati nkhani zachikondi sizidyetsa munthu. Analira mpaka kutupa maso, anabwereza kalasi, anakhoza, anachoka pakhomo. Kuchokera pamenepo ankangowerenga mabotolo a mankhwala ndi mauthenga a pafoni, ndipo kwa bambo ake ankapita ngati mlendo wothamangira basi. Lero, zaka zonsezi zitapita, n'kupeza kuti sanawatenthe n'komwe. Anangowakhalira.

"Apite onse," anatero Kadzidzi. "Sindikufuna kuwaonanso."

Mlendo uja anakhosomola.

"Limodzi lokha musalikweze pa sikelo. La chikuto cha nsalu yokhakhala. Tinali kumapeto."

"Munali kumapeto ndi ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi atelala. Ankandiwerengera masana akatseka chitseko mbali imodzi. Ine maso anapita kalekale."

Achimwene anaseka mpaka azakhali anawaponyera diso.

"Bambo athu? Munthu amene nyuzipepala ankangoidulira mapatani a malaya? Mwasochera shopu, akulu."

"Ankawerenga ngati ngolo yokwera chitunda," anatero mlendoyo osatekeseka, "koma ankafika."

Kadzidzi anatsegula sutikesi ija kuti amutsutse. Bukulo linalipo, pamwamba penipeni. Chikuto chake chakale chinatha, ndipo wina analikuta ndi nsalu ya thalauza n'kulisoka kumsana ndi ulusi wakuda, msoko wowongoka umene Kadzidzi akanaudziwa ngakhale pakati pa misoko ya dziko lonse. Ena onse anali chimodzimodzi, ili la nsalu ya yunifomu, ili la katani. Pakati pa masamba panatuluka kansalu kofiira.

Achimwene anamunong'oneza: "Muwerengere azipita. Apo ayi tigona naye muno."

"Bwanji osawerenga inuyo?"

"Kadzidzi ndi ine?"

Kadzidzi anakhala pa sutikesi mokwiya n'kuyamba pamene panali kansaluko. Ankawerenga ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mapiritsi.

"Mayi, mukuthamangira kuti? Mtsikanayo sanatseke n'zenera lomwe, inu mwamufikitsa kale pa siteshoni."

"Ndili ndi basi yoti ndikwere, bambo."

"Atelala pamenepo akanaima kaye, n'kutukwana mnyamatayo."

Kadzidzi anapuma mwamphamvu, koma anachepetsa liwiro. Inali nkhani ya mwana wa mkulu wa pa siteshoni ya sitima, amene anakangana ndi bambo ake n'kuthawa ndi wokonza mawotchi. Atatembenuza tsamba, Kadzidzi anakumbukira kuti m'thumba la wokonza mawotchiyo munali kiyi wosadziwika chitseko chake. Atatembenuza lina anapeza kuti waiwala chitsekocho, ndipo anafunitsitsa kuchidziwa. Mawu ake anatsika okha. Azakhali anasiya mabatani. Panja wilibala inalira ngati mwana wa njala, wogula mapepala anaimba mluzu, achimwene anayamba kututa mabuku m'manja kuchokera pa mulu umene Kadzidzi anakhuthulira pansi, koma iye sanamve chilichonse.

"Abwerera ameneyo," anatero mlendoyo. "Musade nkhawa."

Kadzidzi anadzutsa mutu. Mathero okha ndiwo ankawakumbukira bwino, chifukwa anawalirira pansi pa bulangeti.

"Sabwerera. Bambo ake amamwalira akumudikira."

"Ayi, m'mabuku a atelala onse amabwerera. Uja anakwera sitima ya pamadzi anabwerera. Uja anapita kukaimba m'mahotela anabwerera. Amapeza bambo awo ali pakhomo, ndipo bambowo ndi amene amayamba kulankhula. Amati, mwanawe, ndinalakwa, ndinkaopa kuti udzavutika ngati ine."

"Wa sitima ya pamadzi uja anamira!" Kadzidzi anakuwa. "Ndipo analibe n'bambo omwe!"

Anadzuka n'kulanda buku la chikuto cha katani m'manja mwa achimwene ake. Anatsegula chakumapeto. Mtsikanayo anamiradi, monga kale. Koma masamba angapo mathero asanafike panali mzere wa choko chosokera, wodutsa tsamba lonse, ngati umene bambo ake ankalemba pa thalauza posonyeza podula. Anatenga lina. Mzere. Lina. Mzere womwewo.

"Tsono titani?" achimwene anafunsa. "Munthu akudikira panja. Mwini nyumba akubwera. Iwe basi ikusiya."

"Bwezani."

"Chiyani?"

"Bwezani onse m'sutikesi, achimwene. Ndi amene ali pa wilibalawo."

"Si iwe wati apite? Mkazi iwe udzandipha ndi mutu! Ukawaika pati, m'kachipinda kako kaja kopanda poponda?"

"Ndidzagona pamwamba pake."

Achimwene anatuluka akung'ung'udza, ndipo panja panamveka mkangano ndi mwini wilibala, amene ankati anamuyendetsa mtunda wonsewo pachabe. Azakhali anapita kukawalanditsa, akupukuta m'maso ndi nsalu ya kasitomala.

M'shopumo munatsala awiri. Kadzidzi anakhalanso pa sutikesi. Mkwiyo unali usanathe, koma sankadziwanso woti amukwiyire.

"Ankakunamizani, bambo. Zonse zija ankapeka okha."

"Ndinkadziwa."

"Munkadziwa bwanji?"

"Mabuku amenewa ndinawawerenga onse maso ndikadali nawo. Akafika pa bodza lawo ankasiya kudodoma. Munthu wowerenga movutika chonchija, mwadzidzidzi mawu n'kumangotsetsereka ngati makina othira mafuta."

"Nanga osawauza bwanji?"

"Munthu akamapepesa sumudula pakamwa, mwanangu. Ngakhale akupepesa kwa munthu wolakwika."

Kadzidzi anayang'ana makina osokera, lamba wake atamasuka. Anafuna kuwakalipira bambo ake: foni munali nayo, pakamwa munali napo, mpaka kukauza munthu wa mumsewu? Anatsegula buku la nsalu yokhakhala lija, natembenuza masamba amene anatsala. Mzere wa choko unali kale pamalo pake, ukudikira.

"Koma inu ndinu ndani?"

Mlendoyo anavula magalasi, nawapukuta pa jekete ngati angamuthandize kuona.

"Ndinkayala mabuku akale pa geti la sukulu yanu. Ambiri mwa awa munatenga kwa ine, ena simunabweze mpaka lero. Tsiku lina atelala anabwera n'kundigubuduzira tebulo m'matope, ati ndawaonongera mwana. Patapita zaka anandipeza ndikupapasa khoma pa msika, anandigwira mkono, n'kundifunsa kuti kodi mwana wawo ankaonamo chiyani m'zinthu zimenezi. Ndinati tsegulani muone." Anavalanso magalasi aja. "Ana a sukulu munkanditchula kuti Bwezamawa."

Kadzidzi anagwira pakamwa. Kenako anakokera sutikesi pafupi ndi mpando wa mkuluyo, anaika chala pamene anasiyira, nayamba kuwerenga pang'onopang'ono, kulunjika ku mzere wa choko uja.