Telala Wokonda Zakuda

Masana makasitomala akachepa, telala ankasewera tchesi ndi alamu ake patebulo lodulira nsalu. Nthawi zonse telalayo ankasankha zidole zakuda.

Tsiku lina alamuwo anadzaza asilikali oyera pakati pa bolodi, n'kuseka. "Alamu, bwanji mukungobisala m'kona? Mantha?"

Telala anangoyang'ana pa bolodi. Tiulusi tinkayandama m'kuwala kwa pawindo, ndipo zinali ngati akumva malemu amuna ake, amene anamuphunzitsa masewerawa, akunong'ona kuti, "Asiye abwere, atalikire kwawo."

Anakankha msilikali mmodzi wa m'mbali ngati ali kutulo. Njira ya bishopu wake, chidole choyenda mopingasa, inatseguka, oyera aja anayamba kugwa mmodzimmodzi.

Alamu anagwira pakamwa. "Iii, tiyambirenso!"

"Mawa," anatero telala chapansipansi, misozi ili lengelenge. Ankafuna kukhala kaye phee, amvetserebe mawu a malemuwo.