Mbamu ya Mayi Tiruye

Banchi anabwerera kukhitchini ndi mbale monga momwe anaitengera. Injera, buledi wathu wopyapyala wodyera ndiwo, inali chipindire, mphodza zili pakati, popanda ndi pomwe panakhudza chala.

"Amayi akananso?" anafunsa Muluken, mchimwene wake, ataima pakhomo.

"Mukufunsa ine? Funsani mtima wanuwo, achimwene."

Bambo awo, a Yirdaw, anali atagona kale m'manda a pa tchalitchi cha Mikaeli Woyera, pamwamba pa phiri. Chihema cha maliro chinali chitatsitsidwa, koma anthu ankabwerabe kudzapepesa, ndipo ankapeza namfedwa, Mayi Tiruye, atakhala pamphasa pangodya, atadzikulunga m'nsalu yawo yoyera mpaka m'manja momwe. Chimwalirireni amuna awo, palibe anawaona akuika kanthu m'kamwa. Kwathu kuno ku Gojjam, m'dziko la Ethiopia, namfedwa akakana chakudya tsiku loyamba timamuyamikira, lachiwiri timamunyengerera, koma zikapitirira pamenepo anthu amayamba kuyang'ana kumanda ngati pambali pa mnzakeyo patsala malo. Masaya a mayiwo anali atalowa, ndipo akamayankha moni mawu ankachita kumveka patali.

Ana awiriwa akanatha kugwirana manja pa nkhaniyi, koma aliyense anaisandutsa ndodo yokwapulira mnzake. Bambo anasiya ng'ombe ziwiri zolimira. Banchi, yemwe anakwatiwa kumzinda wa Bahir Dar, ankafuna kuti imodzi idzaphedwe pa chikumbutso cha tsiku la makumi anayi, ansembe adzapemphere, osauka adzadye, mzimu wa bambo upume. Muluken, makaniko wa ku Addis Ababa, ankati mvula ili pafupi ndipo ng'ombe imodzi sisenza goli.

"Amayi sakudya chifukwa amva kuti mukuwamana bambo ng'ombe yawo yomwe," anatero Banchi, akuvundikira mbale ija mwaukali. "Munthu analima moyo wake wonse, ndiye timukumbukire ndi mphodza?"

"Iwe ukamaliza phwando lakolo ukwera basi. Munda ulimidwa ndi chiyani? Amayi sakudya chifukwa akuona njala ikubwera."

"Ee, kodi tsopano mwasanduka mneneri? Mumabwera kuno pa Pasaka pokha, lero mukudziwa za m'mimba mwa amayi?"

"Nanga iwe umabwera kangati?"

Zoonadi, Banchi nayenso njira yakwawo ankaiponda mwakamodzikamodzi.

Abambo Gebeyehu, wansembe wa banjalo, anayesa mbali yawo. Anakhala pafupi ndi namfedwayo, mtanda uli m'manja, n'kuwauza mofatsa kuti kusala kudya kuli ndi nyengo yake, ndipo thupi ndi la Mwini wake, silizunzidwa popanda chifukwa. Mayi Tiruye anapsompsona mtandawo n'kunena kuti, "Ndamva, Abambo." Madzulo mbale inabwereranso yodzaza.

M'mawa wa tsiku lotsatira, anthu asanayambe kufika, Muluken anapita kukhola kukaona ng'ombe zomwe ankakanganiranazo. Pobwerera anadabwa kuona nkhuku zonse zapakhomo zitaunjikana kuseri kwa nkhokwe, zikulimbirana. Anasuzumira. Mayi ake anali atanjuta pansi, kachidutswa ka injera ya dzulo kali pamiyendo. Dzanja lawo lamanja linali kunja kwa nsalu, ndipo linkanjenjemera ngati si lawo. Anang'amba injera, anayesa kukulunga mphodza, koma dzanja lisanafike pakamwa zonse zinamwazika, zina pachifuwa, zina pansi. Nkhuku zinathamangira. Anayesanso, atagwira mkono ndi dzanja linalo, milomo itatseguka kudikira. Zinagwanso.

Muluken anafuna kubwerera mwakachetechete, koma mayiwo anali atamuona kale. Anabisa dzanja lija msangamsanga.

"Ukuyang'ana chiyani? Sunaonepo munthu akudyetsa nkhuku?"

Anagwada pambali pawo. "Amayi, layamba liti dzanjali?"

Mayiwo anachotsa mphodza pansalu ndi dzanja lamanzere. "Chaka chomwe anabadwa mwana wako woyamba."

Mwana ameneyo tsopano anali pasukulu. Muluken anawerama, manyazi atamugwira.

"Nanga bwanji osadyera lamanzereli?"

"Pa mbale imodzi ndi anthu? Iwe unakulira kuti? Ngakhale lomweli layamba kutsatira mnzake."

"Ndiye zaka zonsezi mumadya bwanji?"

Mayi Tiruye anamuyang'ana ngati mwana wofunsa chinthu chomwe chili poyera. "Unalibe maso pa Pasaka?"

Maso anali nawo. Kudyetsana ndi dzanja ndi mwambo wathu. Munthu amakulunga mbamu n'kuika m'kamwa mwa yemwe amamukonda kapena kumulemekeza, ndipo kukana n'chipongwe. Koma a Yirdaw anaupitiriza muyeso. Pa chakudya chilichonse ankayamba ndi mlendo, kenako woyandikana naye, kuzungulira mbale yonse, ana ndi akulu omwe, mpaka kufika kwa akazi awo, ndipo akafika apo ankachedwapo. Anthu ankawaseka kuti kwa Yirdaw upite utasiya manja kunyumba. Muluken mwiniyo anamutsina mkazi wake tsiku lina n'kumunong'oneza kuti nkhalambazi zayambiranso chibwenzi.

"Tsiku loyamba ndinathira ndiwo pa nsalu ya mlendo," anatero mayiwo. "Ndinalira usiku wonse, ndinati ine basi, sindidzakhalanso pa mbale ndi anthu. M'mawa mwake bambo ako anasamba m'manja n'kuyamba zawozo. Ankayambira kwa ena dala, kuti pofika kwa ine pasakhale woona chachilendo."

"Osatiuza ife ana anu?"

"Ndinawaletsa ndine. Chifundo cha anthu chimakoma tsiku limodzi, mawa lake wasanduka nkhani ya kuchitsime." Anapuma pang'ono, mpweya unali wochepa. "Koma zinkandiwawa, mwanawe. Munthu wamkulu, wobereka, kumayasamula ngati mwana wa mbalame. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, kodi mudzandidyetsa chonchi mpaka liti? Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Tiruye, ukapita ku mgonero wa Ambuye, umadzitengera wekha kapena amakuika m'kamwa?' Ndinati amandiika m'kamwa. Anati, 'Nanga manyazi ako ali pati? Pamaso pa Mulungu tonse ndife odyetsedwa, ngakhale ine wa manja awirine. Ndipo Iye sapereka cha chaka chonse, amapereka cha lero. Idya cha lerochi, zamawa sizinatifike.'"

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Kuyambira apo mbamu iliyonse ndinkailandira ngati yochokera kumwamba. Ankayamba adalitsa, n'kundiuza kuti, landira chisomo chako. Tsopano dzanja lija lili m'dothi. Ndimati mwina Mulungu watseka nkhokwe yake, nditsatire bambo ako."

"Amayi, musatero."

"Usauze munthu. Ngakhale Banchi. Amva chisoni, ayamba kundithamangira ndi supuni pamaso pa anthu."

Anadzuka movutikira atagwira khoma la nkhokwe, n'kubwerera pamphasa pawo. Muluken anatsala atagwada pakati pa nkhuku, ndipo analira kuposa momwe analirira kumanda.

Masana kunabwera Abambo Gebeyehu pamodzi ndi a Tadele, mng'ono wa malemu. Banchi anayala injera m'mbale yaikulu, anathira mphodza ndi ndiwo zamasamba, n'kuzungulira ndi madzi osamba m'manja. Anaika mbaleyo pafupi ndi mayi ake monga mwa masiku onse, ngakhale chiyembekezo analibe. Wansembe atadalitsa, Banchi sanadikire kuti anthu ameze.

"Abambo, pomwe muli pano, tiweruzeni. Achimwenewa akuti ng'ombe..."

"Dikira kaye, mlongo wanga," anatero Muluken.

Anapinda mkono wa malaya. Anang'amba injera, anakulunga mphodza, mbamu inatuluka yokhota chifukwa manja ake anazolowera zitsulo. Anaigwira ndi ulemu n'kuipereka pakamwa pa wansembe. Abambo Gebeyehu anadzidzimuka pang'ono, kenako analandira. Yachiwiri inapita kwa a Tadele.

"Aa, matenda a mkulu wanga aja agwira mwana!" anatero a Tadele m'kamwa muli modzaza, akuseka, maso ali ndi misozi. "Ndimati tipuma."

Yachitatu inaima pamaso pa Banchi. Iye anakweza nsidze. "Musandinyengerere ndi mphodza, za ng'ombe sizinathe."

"Sizinathe, ndikudziwa. Yasamula."

Anayasamula, chifukwa pamaso pa wansembe sakanakana.

Tsopano Muluken anakulunga ina, yaing'ono, yofewa, atasankha pomwe msuzi unalowa bwino. Anasendera pamphasa. Mayi Tiruye anayang'ana mbamuyo, anayang'ana mwana wawo, ndipo nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu wofuna kuthawa.

"Amayi," anatero motsitsa, "landirani cha lero."

Kwa kanthawi milomo inakhala yotseka. Kenako inatseguka. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali otsinzina, n'kumeza movutikira ngati khosi laiwala ntchito yake.

"Mulungu alemekezeke," ananong'ona wansembe.

Banchi anali pafupi kwambiri ndi mayi ake, ndipo anaona zomwe ena sanaone: pansi pa nsalu yoyera, pamiyendo, china chake chinkagwedezeka osaleka. Anayang'ana mchimwene wake. Muluken sanathawitse maso. Banchi anagwira pakamwa, anakhala choncho pang'ono, kenako anasendera pafupi n'kuika dzanja lake pamwamba pa nsaluyo, ngati munthu wongotonthoza mayi ake.

"Kudyetsa kamodzi kumadanitsa, achimwene," anatero. "Bwerezani. Yambirani kwa Abambo konko."

Muluken anayambiranso kwa wansembe. Anazungulira mbale ija kachiwiri, kachitatu, osadumpha munthu, ndipo akafika kwa mayi ake ankachedwapo, kudikira kuti ameze bwino asanakulunge ina. A Tadele anadandaula kuti mimba iphulika, wansembe anapempha chifundo, koma palibe anakana. Za ng'ombe sizinatchulidwenso masana amenewo.

Mayi Tiruye atapukusa mutu kusonyeza kuti akhuta, m'pamene Muluken anakumbukira kuti iye sanalawe kanthu. M'mbale munatsala zidutswa za m'mphepete, zonyowa, mphodza zitazizira mpaka kuuma pamwamba. Anazisonkhanitsa ndi zala.

"Ndikakutenthetsereni zina," anatero Banchi, akudzuka.

"Musiye," anatero mayi awo, maso ali pa mbaleyo. "Bambo ako sanadyepo chotentha zaka zonsezi, ndipo sindinawamvepo akudandaula."

Muluken anaweramitsa mutu, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kudya.